Galimoto ikakana kusintha magiya pa msewu wa ku Cassacatiza

Munthu wochoka mumzinda wa Tete kulowera ku malire a Zambia amawoloka Zambezi, nkukhotera kumpoto. Kuchoka pamenepo kukafika pa Cassacatiza ndi makilomita pafupifupi 300, ndipo msewu umangokwera, kusiya chigwa chimene mu Okutobala chimatentha kupyola madigiri 40. Mukadutsa Manje m'boma la Chiuta, milambe imayamba kuchepa, mapiri nkumachuluka, ndiye mwayandikira Chifunde, dziko la mtsinje wa Luia.

Nkhondo isanathe mu 1992 msewu umenewu unali wa mantha. Abale athu ambiri anathawira ku Zambia, ena kukakhala ku msasa wa Ukwimi, ndipo pobwerera anapeza minda yasanduka thengo. Tsopano pamadutsa malole aakulu a ku doko la Beira, machapa, njinga zamoto, ndi magalimoto ang'onoang'ono ogulidwa akale kuchokera ku Japan. Kumapeto a Ogasiti, anthu akamapita ku Kulamba kwa Gawa Undi ku Mkaika, agalimotowa amanyamula ufa, mbuzi ndi banja lonse. Ambiri mwa iwo ngosintha okha magiya, aja timati otomatiki. Mwendo wamanzere umapuma ndithu, koma walira mvula walira matope: otomatiki sailiza pokankha, ndipo amakaniko oidziwa m'kati ali kutali, ku Tete, ku Katete kapena ku Chipata.

Pakati pa Luia ndi malire ndinapeza Toyota Mark II itaima pansi pa mtengo, mwini wake thukuta kamukamu. Anati pokwera chitunda injini imalira kwambiri koma galimoto siithamanga, ngati ng'ombe yokana goli. Anyamata awiri anali atatenga kale masipanala kuti atsitse giyabokosi pomwepo pafumbi. Mkulu wina wa pamudzipo, amene anayendetsapo malole, anawaletsa.

"Achimwene, taimani kaye. Mwayamba mwaona oyilo?"

Sanaone. Oyilo wa giyabokosi ya otomatiki si wa injini ayi, ndiponso si uja wolimba wa namba 90. Ndi wakewake, amamutcha ATF, ndipo ndiye amakankha magiya, kutsuka ndi kuziziritsa zonse m'katimo. Pa Toyota zakalezi amayezedwa galimoto ili pamalo osapendekeka, injini itatentha ndipo ikulira. Mupondereze buleki, muyendetse ndodo ya magiya kudutsa pa R, N, D, 2 ndi L, mubwezere pa P, kenaka musolole kachitsulo koyezera. Oyilo afike pamene palembedwa HOT. Magalimoto ena, monga Honda, amayezedwa injini itazimitsidwa.

Kuchuluka kokha sikukwanira. Mupukutire pa kansalu koyera. Wofiira ndi woyera ali bwino. Wakuda, wonunkha ngati nsima yopserera, ndiye kuti timbale ta kilachi tam'kati tayamba kupsa. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, mwina kudzera mu ladiyeta mmene mumadutsa kapaipi koziziritsa oyiloyo, kapena pa mtsinje umene munawoloka dzinja lija. Pamenepo musayendenso. Pa Mark II ija kachitsulo kanatuluka pafupifupi kouma, ndipo pansi pa galimoto kapaipi kamodzi kanali kukha, mwala utakagunda. Anamanga, nkutuma njinga yamoto kukasaka oyilo. Mtundu woyenera kawirikawiri umalembedwa pa kachitsuloko, Dexron pa zakale, T-IV pa zina zapambuyo pake. Ogulitsa oyilo wa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu ine sindiwakhulupirira, ngakhale atalumbira pa manda a agogo awo.

Oyilo akakhala bwino koma vuto lilipobe, mvetserani nthawi imene galimoto ikuvutira. Ikamachedwa kugwira mukaika pa D m'mawa, nkuchira ikatentha, nthawi zambiri ndi sefa yotsekeka kapena timalabala tam'kati tokalamba. Ikamasintha mochedwa ndi modumpha, yang'anani kawaya kochokera pa thirotulo kupita ku giyabokosi; kakamasuka kapena kukungika, giyabokosi imaganiza molakwa za mmene mwapondera moto. Ikangokakamira giya imodzi, ndipo kanyali ka O/D OFF kakuphethira, vuto lili ku magetsi: sensa yoyeza liwiro, solenoidi, kapena waya wodyedwa ndi makoswe. Kuno kwathu galimoto imagona pafupi ndi nkhokwe, ndiye makoswe musawaiwale. Zonsezi nzotsika mtengo poyerekeza ndi giyabokosi ina.

Msewu womwewu umaphanso magiyabokosi. Katundu wambiri, chitunda chachitali ndi dzuwa la chilimwe zimawiritsa oyilo. Pa zitunda, makamaka mukasiya msewu waukulu kulowera ku Mualadzi kapena kumidzi ya N'sadzu, tsekani O/D kapena ikani pa 2, kuti giyabokosi isamangosinthasintha. Mukatitimira mumchenga, musamenyanitse D ndi R injini ikulira mokweza. Ndipo ikafa ndithu, kuikoka ndi chingwe mtunda wautali matayala okoka ali pansi kumaononga zotsala, chifukwa injini ikazima pampu ya oyilo nayonso imaima. Bola kuikweza pa lole yobwerera yopanda katundu.

Oyilo atafika dzuwa lili pafupi kulowa, mkulu uja anathira pang'onopang'ono, akuyeza, poti wochulukitsa amachita thovu. Galimoto inagwira giya. Anauza mwini wake kuti akafika ku Katete, makilomita opitirira 50 kuchoka pa Chanida, akatsegulitse mbale ya pansi aone ngati pa maginito pali zitsulo zonyenyeka. Malipiro anakana, anangopempha kuti amutengere thumba la chimanga kwa mwana wake pa Cassacatiza.