Zithunzi zikhale m'chikwama cha mwini wake

Kantemba kanga kali ku Kalingalinga, chakufupi ndi Alick Nkhata Road, komwe anzathu owotcherera mageti amasokosa tsiku lonse. Yanga ndi ntchito yakachetechete, yokonza makompyuta. Kale ondipeza ambiri anali ophunzira a ku UNZA, koma chidutsireni 14 October 2025, tsiku limene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, akuluakulu a m'komboni nawonso akubwera atakulunga malaputopu m'chitenje. Ochuluka ndi akale, ogulidwa ku Town Centre atatopa kale kunja, ndipo Windows 11 imawakana poti alibe kachipangizo ka TPM 2.0. Otere ndimawaikira Linux Mint.

Ndisanagwire chilichonse ndimafunsa kuti, "Zithunzi zanu zili kuti?" Yankho ndinaliloweza: "Usadandaule mwananga, mdzukulu anaziika ku D." Komatu D si nyumba ina, ndi chipinda chabe cha m'nyumba yomweyo. Kawirikawiri C ndi D ndi disiki imodzi yogawidwa pawiri, ndipo ukasankha zofufuta disiki yonse, zipinda zonse zimapsera limodzi.

Ngakhale disiki yapadera imapsa ikagwidwa ndi munthu wothamanga. M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi tinkawaona maola ochepa patsiku, ndipo akangobwera aliyense ankagwira ntchito ngati akuthamangitsidwa. Mayi wina wamasiye wa ku Mtendere anandibweretsera laputopu pamodzi ndi disiki yakunja yomwe mwana wake anasungiramo zonse: chilanga mulilo, ukwati, ubatizo wa ana, malemu bambo atavala suti. Poika Linux, ine ndinaisiya ili chilumikizire. Linux sadziwa za C kapena D, amangoti sda, sdb, ndipo madisiki onse awiri anali a 500GB. Ndinadina polakwika.

Thukuta lomwe linandituluka tsiku limenelo sindidzaliiwala. Ndinaizula msanga, chifukwa chofufutidwa chimakhala chikadalipo pansi mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Masiku atatu ndinkaiwedza ndi pulogalamu ya PhotoRec. Zambiri zinabwerera, koma zopanda mayina ndi mafoda, manambala okhaokha, zina zitaduka pakati, theka la nkhope lili lotuwa. Mayiyo anakhala pabenchi n'kumaziona chimodzichimodzi. Sanandikalipire. Anangoti, "Cha pa tchalitchi chija palibe eti?" Kunalibe. Mwayi wake inali disiki yozungulira. Ikanakhala SSD, mwina sitikanapeza kanthu.

Kuyambira pamenepo, kukopa kokha sindikukhulupirira. Ndimayerekeza chiwerengero cha mafayilo ndi kukula kwake mbali zonse ziwiri, kenako ndimatsegula zithunzi zingapo pa kompyuta ina, zakale ndi zatsopano, mwini wake akuona. Apa m'pamene zobisika zimatulukira. Ena anakopa ma shortcut okhaokha. Ena zithunzi zawo zili ku OneDrive, m'makina muli mayina chabe okhala ndi kachizindikiro ka mtambo, ndipo password anaiwala kalekale. Vidiyo ya ukwati yoposa 4GB imakana kulowa m'fulashi ya FAT32. Ine ndimakonda exFAT chifukwa Windows ndi Linux onse amaiwerenga. Disiki yotsekedwa ndi BitLocker sindiikhudza mpaka manambala ake 48 otsegulira titawalemba papepala.

Za mafulashi otchipa a pamsewu ndisanene zambiri. Pachikuto analemba 128GB, mkati muli malo ochepa zedi, ndipo imalandira zonse mwaulemu kwinaku ikufufuta zoyamba zija mwakachetechete.

Amene ali ndi bundle ndimamulangiza kuti zithunzi zofunika kwambiri aziikenso ku Google Photos, ngakhale 15GB yaulere ija amagawana ndi Gmail. Ena amati adzangotumizira mlongo wawo pa WhatsApp, koma kumeneko chithunzi chimafika chitafinyidwa, pokhapokha achitumize ngati document.

Zonse zikatsimikizika, ndimazula disiki n'kuipereka m'manja. "Amayi, ikani m'chikwama, mutseke zipi." Ena amaseka, amati ndili ndi mwambo ngati sing'anga. Mayi wa ku Mtendere uja anabweranso ndi laputopu ya mwana wake, ndipo ndisanatsegule pakamwa anali atamanga kale disikiyo pamfundo ya chitenje.