Ukonde wanga sutulukanso pakhomo

Ndili ndi maiwe atatu a nsomba kuno ku Mchinji, okumba ndi khasu m'mphepete mwa dambo. Ndimaweta makumba ndi chilunguni, pamene milamba ndi matemba zimangodzilowera ndi madzi a mumtsinje. Chakudya chake ndi gaga ndi masamba a mbatata, ndipo manyowa a nkhuku ndimathira kuti madzi abiriwire. Ndikamiza mkono mpaka m'chigongono chikhatho n'kusaoneka, ndimadziwa kuti manyowa akwana.

M'nyengo yozizira ya 2020, m'mawa wina ndinapeza mlamba uli yandaa pamwamba pa madzi. Mlamba ndi nsomba yamantha, koma uwu sunathawe ngakhale ndinaponda pafupi. M'nthiti mwake munali kadontho kofiira. Pomatha sabata nsomba zambiri zinali ndi zilonda zonyeka mpaka m'mnofu, m'mbali mwa chilonda muli timaulusi totuwa ngati thonje lonyowa.

Alangizi a za nsomba anati ndi EUS, matenda amene boma linalengeza mu July chaka chomwecho. Amayamba ndi chuku cha m'madzi chotchedwa Aphanomyces invadans, chimene chimalowera pakabala kalikonse n'kumadya nyama ya nsombayo, makamaka madzi akazizira. Anayamba kudziwika ku Japan mu 1971, ndipo mu 2006 anapezeka mumitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Nsomba ikadwala kale, mankhwala oichiza m'dziwe palibe. Kugulitsa nsomba za m'dera lathu kunaletsedwa, choncho zanga ndinakwirira m'dzenje, pamwamba n'kuwazapo laimu.

Kenako ndinakumbukira ukonde. Masabata awiri m'mbuyomo mlamu wanga anaubwereka kukakokera kumtsinje, ine n'kuuponya m'dziwe langa usanaume n'komwe.

Masiku ano ndikakolola ndimaphwetsa dziwe, matope aume mpaka kung'aluka, ndithire laimu, kenako ndilowetse madzi kudzera pa sefa kuti nsomba za kumtsinje zisalowe. Mbewu ya nsomba ndimayamba ndaisunga payokha. Ukonde ndimauchapa n'kuuyanika padzuwa mpaka uume gwa.

Chovuta kwambiri ndi kukaniza m'bale. Mlamu wanga atabweranso chaka chotsatira ndinati, "Alamu, pepani, ukondewu sutulukanso. Mukafuna ndiwo, tiyeni ndikakukolereni m'dziwe."

Anapita ndi makumba asanu, koma panatha mwezi asanandipatsenso moni wabwino.