Mbedza ya m'chisanu m'madamu a ku Mutare

Amene adayendako ku Mutare m'mwezi wa Julaye amadziwa kuti chisanu cha kumeneko sichichita nthabwala. Ine ndidafika mumzindawu madzulo nditadutsa pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi ku Tete, kenaka kulowera kumwera kudzera ku Changara ndi Catandica mpaka pachipata cha Machipanda. Ku Tete tidatuluka thukuta m'basi, koma pomwe tinkadinditsa ziphaso pa Forbes, mbali ya Zimbabwe, aliyense adali atavala juzi ndipo amayi adali atafunda zitenje ziwiriziwiri. Mapiri a Vumba adali atabisala m'nkhungu ya mvumbi imene anzathu a kumeneko amaitcha guti. Ife a ku Thyolo ndi Mulanje timaidziwa ndi dzina loti chiperoni.

Mutare ndi likulu la chigawo cha Manicaland ndipo ali m'chigwa chozingidwa ndi mapiri. Mpaka mu 1982 mzindawu unkatchedwa Umtali. Udasamutsidwira pamalo pomwe uli lero mu 1896 kuti ukumane ndi njanji yochokera ku Beira, imene idafika mu 1898. Njanjiyo, migodi ya golide ya ku Penhalonga ndi minda ikuluikulu zidakoka amuna ambiri a ku Nyasaland ndi ku Tete, makamaka m'zaka za chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963. Ambiri sadabwererenso kwawo. Ndiwo machona amene agogo athu ankawalira. Ana ndi zidzukulu zawo akadalipo ku Sakubva ndi ku Penhalonga, ndipo Ashona amawatcha Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre.

Ndidafikira ku Sakubva, kwa mkulu wina wa zaka zopitirira 60 amene bambo ake adachokera ku Dedza. Iye adabadwira m'komboni ya pamgodi ndipo Dedza sadamuoneko, koma Chichewa chake n'chomveka bwino, kungoti mwa apo ndi apo chimaterereka n'kugwera m'Chishona. Chipumireni pantchito, ndiwo zambiri za pakhomo pake zimachokera ku mbedza. Atamva kuti ndine wa kunyanja, adandiuza kuti ndigone msanga chifukwa tidzadzuka tambala woyamba.

Dera la Mutare lilibe nyanja, koma lili ndi madamu ambiri. Pa mtsinje wa Odzani pali Lake Alexander ndi Smallbridge, omwe amathandiza kumwetsa mzindawu. Pa mtsinje wa Odzi pali damu la Osborne, lomwe adamaliza kumanga mu 1994 ndipo limasunga madzi pafupifupi makyubiki mita 400 miliyoni. Makilomita pafupifupi 100 kumpoto kuli Nyanga, kumene kuli phiri la Nyangani, lalitali kuposa onse m'Zimbabwe, mamita 2,592. M'madamu a kumeneko, monga la Mare, muli nsomba za trout, zomwe kwathu timazipeza pa phiri la Zomba ndi ku Chelinda, pa Nyika. Nsombazi sizikhala m'madzi ofunda, choncho pomwe zili, dziwani kuti madziwo ndi ozizira koopsa. Wofuna kuwedza ku Osborne kapena m'nkhalango ya Nyanga amayenera kugula chiphaso ku nthambi yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire ya ZimParks.

Ife sitidapite kutali chotero. Tidakwera minibasi yolowera ku Odzi, n'kutsika panjira, n'kuyenda pansi mpaka pa kadamu ka pafamu ina komwe mwini wake amalola anthu kuwedza. Udzu udali mbuu ndi chisanu ndipo unkalira kuphwanyika pansi pa nsapato. Pamwamba pa madzi pankafuka nthunzi ngati pa mphika. Mkulu uja sadathamangire kuponya mbedza. Adayamba watumiza uthenga pa foni kwa akazi ake kuti tafika, kenaka adaika foniyo m'jumbo, n'kuimanga, n'kuilowetsa m'thumba la pamtima. Adatulutsa chingwe chachitali cha nayiloni; nsonga imodzi adamanga ku mtengo, inayo adamangirira chigubu chopanda kanthu cha malita 5, chotseka bwino, n'kuchiponya pamadzi pafupi ndi pomwe adaima. M'khosi adavala wezulo. Zovala zouma, bulangete ndi fulasiki ya tiyi adaziika pamtunda, m'thumba la pulasitiki.

Ndidaseka. "Madala, kodi tabwera kudzawedza kapena kudzamenya nkhondo?"

"Mwana wanga," iye adayankha, "iwe wazolowera madzi a ku Mangochi. Awa ndi ena."

Nyambo zili m'madzi, adandisimbira zomwe zidamuonekera zaka zingapo zapitazo. Nyengo yozizira nsomba za mtundu wa makumba sizidya kwenikweni ndipo zimatsikira pakuya. Msodzi akaona kuti m'mphepete simukugwidwa kanthu, amasunthira pamiyala kapena pakhoma la damu, pomwe madzi amayamba kuzama pompo. Iye adachita chimodzimodzi m'mamawa wina wa mu Juni, ali yekha, osauza munthu komwe walowera chifukwa sankafuna kuti anzake adziwe malo ake a nsomba. Mbedza idakodwa pamwala, iye adawerama kuti aikole, phazi lidaterereka pa ndere, ndipo adagwera m'madzi ndi jasi ndi magambutsi omwe.

Munthuyu amatha kusambira kuyambira ali mwana, komabe akuti kusambirako sikudamuthandize. Atangogwa adapuma mwabefu mosafuna n'kumwa madzi. Mtima unkagunda ngati ng'oma, ndipo kukuwa sadathe. Adagwira tsinde la bango, koma posakhalitsa zala zidachita dzanzi moti sankamvanso chomwe wagwira. Mwayi wake, mnyamata wina amene ankapititsa ng'ombe kukamwa madzi adamuona, n'kumutambasulira nthambi yaitali. Mnyamatayo akadachedwa pang'ono, nkhaniyi ikadakambidwa pamaliro.

Zomwe zidamuchitikirazi akatswiri a zaumoyo amazidziwa bwino. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya wozizira mofanana nawo. Munthu akagwera mwadzidzidzi m'madzi osafika madigiri 15, thupi limadzidzimuka ndipo amakoka mpweya mosafuna. Mutu ukakhala uli m'madzi nthawi imeneyo, amakoka madzi. Gordon Giesbrecht wa pa yunivesite ya Manitoba ku Canada adafotokoza zimenezi ndi manambala atatu osavuta kukumbukira: 1, 10 ndi 1. Munthu ali ndi mphindi imodzi yoti akhazike mtima pansi ndi kupuma bwino, mphindi ngati 10 zoti manja ndi miyendo zigwire ntchito, ndi ola ngati limodzi asadakomoke ndi kuzizidwa, ngati pali chomuyandamitsa. Ambiri amene amafera m'madzi ozizira amamira m'magawo awiri oyambawo, thupi lisadazizire n'komwe mpaka m'kati.

Giesbrecht ankalankhula za maiko omwe nyanja zimaundana m'nyengo yachisanu. Ku Canada, ku Finland ndi kumpoto kwa America, asodzi amayenda pamwamba pa nyanja yowuma gwa, n'kuboola dzenje, n'kuponyamo mbedza. Kumeneko amaphunzitsa kuti munthu asaponde pa madzi oundana ngati sadafike masentimita 10 kuchindikala kwake, ndipo msodzi amaboola n'kuyeza akamapita patsogolo. M'khosi amavala misomali iwiri yokhala ndi zogwirira, yoti akagwera aizike m'mphepete mwa dzenje n'kudzikoka. Amavala chovala choyandamitsa, amanyamula chingwe, ndipo amauza a kunyumba malo ndi nthawi yobwerera. Madamu a ku Mutare saundana chotero. Chisanu chimathera pa udzu ndi pa madzi ogonera panja m'ndowa. Koma mkulu wa ku Sakubva, amene sadaonepo nyanja youndana, adafika yekha pa malamulo ofanana ndi amenewa.

Loyamba ndi kuuza munthu komwe mukupita, mbali ya damu yomwe mukakhale ndi nthawi yomwe mubwere, komanso kupangana chochita nthawiyo ikadutsa. Kubisa malo a nsomba n'kubisa malo omwe anthu akakufuneni. Lachiwiri ndi kukhala ndi choyandamitsa. Jekete yoyandamitsa ndiyo yabwino koposa, makamaka kwa okwera bwato, koma pomwe palibe, chigubu chopanda kanthu chotseka bwino chimathandiza: cha malita 5 chimanyamula kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 5 m'madzi, zomwe zimathandiza kuti mutu ukhale pamwamba, ndipo cha malita 20 chimanyamula kanayi. Lachitatu ndi kusamala poponda. Miyala ya ndere, khoma la damu ndi potayira madzi si malo oimapo munthu ali yekha, ndipo mbedza yokodwa ndi bwino kuidula kusiyana n'kuilondola. Lachinayi ndi kusiya mowa kunyumba. Kachasu amanamiza munthu kuti wafunda, chonsecho akutsegula mitsempha ya pakhungu n'kutaya kutentha msanga, kwinaku akufooketsa miyendo ndi nzeru.

Mukagwera, musalimbane ndi madzi. Gonani chagada, tambasulani manja, ndipo dikirani mpweya ubwerere musanayambe kusambira. Ngati bwato lagubuduka, musalisiye. Kwerani pamsana pake kapena ligwireni, chifukwa anthu amaona bwato msanga kuposa mutu wa munthu. Mukaona mnzanu akumira, musadumphiremo. Itanani anthu, gonani pansi kuti asakukokereni, ndipo mupatseni nsungwi, chingwe, chitenje kapena chigubu.

Womuvuula m'madzi asamalidwe mofatsa. Ngati sakupuma, muuzireni mpweya m'kamwa ndi kumusindikiza pachifuwa, ndipo musataye nthawi n'kumufinya mimba kuti madzi atuluke. Ngati akupuma, mugonekeni, muvuleni zonyowa, mufunditseni kuyambira pachifuwa ndi kumutu. Musamutikite manja ndi miyendo kapena kumuyandikitsa kwambiri ku moto. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, mupatseni tiyi wofunda wa shuga. Kutentha kwa thupi kukatsika kupitirira madigiri 35, munthu amanjenjemera kwambiri, lilime limalemera ndipo amasokonezeka. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira, zinthu zafika poipa. Aliyense amene wamwa madzi kapena kuzizidwa chotere apite naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti wachira. Ndipo musamutsekere m'chipinda ndi mbaula ya makala, chifukwa mpweya wake umapha mwakachetechete.

Nkhaniyi si ya ku Mutare kokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidapeza kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndicho chidali patsogolo. M'chaka chomwecho bungwe la United Nations lidakhazikitsa 25 Julaye kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Kwa ife tsikuli limagwa pakati pa nyengo ya mwera, mphepo imene imagubuduza mabwato pa nyanja ya Malawi. Sitima ya Vipya idamira pa 30 Julaye 1946 ndipo anthu 145 adafa. Masiku ano madamu a ulimi wothirira ndi maiwe a nsomba akuchuluka m'midzi yathu, ndipo amene amapitako m'mamawa kuli zii ndi alimi ndi ana awo.

Apa ndi pomwe alangizi, makomiti a madamu, makalabu a alimi ndi makomiti a m'madoko a asodzi angagwire ntchito yosalira ndalama zambiri. Pa damu lililonse pakhale mtengo wozika wokhala ndi chingwe, chigubu ndi nsungwi yaitali. Malo akuya aikidwe zizindikiro. Pamsonkhano wa mwezi wa Meyi, chisanu chisadafike, anthu ayeserere kuponya chingwe ndi kutsitsimutsa womira. Amfumu akhazikitse lamulo loti mwana asapite kukawedza yekha. Paja mtsinje wa tinkanena udathera mu siizi.

Dzuwa litakwera, chisanu chidasungunuka ndipo tidali titagwira makumba asanu ndi mlamba umodzi. Mkulu uja adayang'ana wotchi n'kuyamba kukulunga chingwe, ngakhale nsomba zidali zitangoyamba kudya. Ndidamupempha kuti tikhaleko pang'ono, koma adakana. Adapangana ndi akazi ake kuti ikakwana 11 koloko asadaimbe, iwo atume mwana wawo wamkulu kudamu. Tili panjira yopita kumsewu tidakumana ndi mnyamata atanyamula ndodo ya mbedza, akulowera komwe tidachokera, ali yekha. Mkulu uja adamuimitsa, n'kumufunsa m'Chishona ngati kunyumba akudziwa komwe ali. Mnyamatayo adangoyang'ana pansi. Pamenepo adamubwereka foni kuti aimbire mayi ake, adamulozera mtengo womangapo chingwe, ndipo adamusiyira chigubu chija.