Kwa mwana wanga, za mphaka wokalamba akamasanza

Mwana wanga wokondedwa,

Popeza watsimikiza zotenga mphaka wathu pokayamba ntchito ku Nthalire, ndati ndikulembere za chinthu chimene ambiri amachipeputsa. Mphaka wopitirira zaka 10 akamasanza pafupipafupi, usamangoti wakalamba. Pali chimene chikumudya m'thupi, ndipo wochifufuza ndiwe.

Ena adzakuuza kuti kusanza ndi chibadwa cha amphaka, ndipo sakunama kwenikweni. Podzinyambita mphaka amameza ubweya n'kudzaubweza utaumbika, ndipo akadya mothamanga kapena kutafuna udzu amabwezanso. Koma izi zimachitika mwa apo ndi apo, iye n'kudzuka kukasaka. Kusanza sabata ndi sabata ndi nkhani ina. Mwa amphaka okalamba, impso ndizo zimafooka kawirikawiri, ndipo zikalephera kusefa magazi, zoipa zimachuluka m'thupi n'kumamupatsa nseru. Udzaona akumwa madzi kwambiri, kukodza kwambiri, mafupa a msana n'kumaonekera. Wina amadya mosakhuta koma n'kumaondabe, osakhazikika malo amodzi, ndipo pamenepo vuto limakhala la chithokomiro nthawi zambiri. Palinso njoka zam'mimba, zimene mphaka wodya makoswe ndi mbewa amazitenga mosavuta, mwina n'kuonekera m'masanzi momwe.

Chimene ndimaopa koposa kuno kwathu ndi mankhwala a makoswe. Tikakolola, chimanga ndi mawere zikalowa m'nyumba, anthu amatchera makoswe ndi tameki wogula pamsika. Tsono taganiza: mphaka wokalamba alibenso liwiro, choncho khoswe amene amamugwira mosavuta ndi uja wadya kale mankhwala, akuyenda dzandidzandi. Mphaka akayamba kusanza mwadzidzidzi, dovu lili chuchuchu, thupi likunjenjemera, usadikire kuti kuche. M'nyumba mwako uzitchera misampha basi, ndipo anansi ako uwapemphe kuti makoswe ofa ndi mankhwala aziwakwirira.

Ndikudziwa udzamva kuti mphaka si ng'ombe, sagulitsidwa, ndiye n'kuvutitsiranji alangizi a ziweto? Amene akunena zimenezo awerenge kaye matumba a chimanga amene makoswe akanaboola pa zaka zonsezi. Chiweto chimene chatilondera chakudya sitingachitaye pamene chafooka. Ena adzati kuboma ku Chitipa n'kutali, ndipo kuyeza magazi a mphaka si chinthu chapafupi. Zoona, komabe mlangizi wa m'dera angathe kumupatsa mankhwala a njoka ndi katemera wa chiwewe, ndipo amathandiza bwino ukamufotokozera zenizeni: wasanza kangati, wasanza chakudya, thovu kapena magazi, akudya kapena ayi. Tsina pang'ono khungu la pakhosi kumbuyo n'kulisiya. Likachedwa kubwerera, madzi amuthera m'thupi. Akatha masiku awiri osadya, chiwindi chake chili pangozi. Zoti mphaka wodwala watumidwa ndi afiti usazimvere n'komwe, chifukwa zimangochedwetsa thandizo.

Uku ukufuna thandizolo, madzi oyera asamusowe, ndipo uzimupatsa chakudya chofewa pang'onopang'ono, monga nsomba yophika yochotsa minga, yopanda mchere ndi anyezi, pakuti anyezi amawononga magazi a mphaka. Chifundo chisakupangitse kumumwetsa Panado: thupi lake silitha kuchotsa mankhwalawa, ndipo piritsi limodzi lokha likhoza kumupha.

Dovu lija limabweranso ndi chiwewe, makamaka mphaka akasintha khalidwe n'kuyamba kulusa kapena kulephera kumeza. Zikatero usalowetse chala m'kamwa mwake. Mutsekere payekha, uitane mlangizi. Akakuluma kapena kukukanda, tsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo upite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ukafika utiimbire foni.

Ndine,
Mayi ako