Chitupa cha Agogo

M'sutikesi yachitsulo ya agogo anga aamuna muli chitupa chimene ankayenda nacho ku Salisbury, masiku amene ankaphikira Azungu. Chinachita kufiira ndi thukuta. Amati wapolisi akakuimika ulibe chitupa, tsiku limenelo ukagona m'chitokosi, nyama ya bwana n'kupserera pamoto.

Ndinachikumbuka mu September 2025, pamene Keir Starmer analengeza kuti aliyense wofuna ntchito ku Britain adzayenera kukhala ndi chiphaso cha pafoni, ati pofuna kuthana ndi ogwira ntchito mozemba. Sikanali koyamba: lamulo la ziphaso la 2006 analifafaniza mu 2010.

Tsono achimwene anga ndi mmodzi wa ozembawo. Anapita pa viza ya sukulu, viza inatha, iwo osabwerera. Amatsuka mbale usiku m'lesitilanti ina ku Leeds, ndipo fizi yanga pano pakoleji imachokera m'mbale zimenezo. Nditawaimbira foni anangoseka.

"Iwe, abwana anga akudziwa kale kuti ndilibe mapepala. N'chifukwa chake amandipatsa theka la malipiro. Chiphasocho chiwauza chiyani chachilendo?"

Sindikunena kuti boma lisadziwe anthu ake ayi. Nanenso changa cha unzika chili m'thumbamu, ndipo ndinalembetsera chomwechi kuti ndivote. Koma agogo nditawafotokozera zonsezi, anafunsa chinthu chimodzi chokha: kodi bwanayo nayenso amakagona m'chitokosi?

"Lamulo lake lilipo, agogo," ndinatero.

Anapinda chitupa chija, n'kutseka sutikesi.