Mlonda wa Nkhokwe ndi Thumba la M'sitolo

Mneni wakuti kuweta sakhala bwino pa mphaka. Mbuzi imawetedwa, pakuti ili ndi khola, chingwe ndi mtengo wake pamsika. Galu naye ali ndi mwini, amene amayankha mlandu galuyo akaluma mwana wa eni. Koma mlendo akafunsa pamudzi kuti mphaka wagona padenga la nkhokweyo ndi wa yani, yankho lake kawirikawiri limakhala lakuti ndi wa pano. Umwini wake umaloza malo. Pangano la mphaka ndi khomo ndi lakalekale: kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2007 anasonyeza kuti amphaka apakhomo anachokera kwa vumbwe wa mtundu wa Felis lybica, yemwe anayandikira midzi ya alimi oyambirira a ku Middle East potsata tinyama timene tinkadya mbewu zosungidwa, ndipo pachilumba cha Cyprus panapezeka manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka. Panganolo linalibe ndalama m'kati mwake. Munthu ankasunga mbewu, mbewu zinkaitana makoswe, mphaka ankadzilipira yekha.

Mayi wina wa ku Zomba, mphunzitsi wa pulayimale amene anapuma ntchito, anakhala m'panganoli zaka zambiri osaliganizira. Ali ndi munda kunja kwa tauni, ndipo chimanga chake amasunga m'matumba m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Amphaka anayi amagona pamwamba pa matumbawo kapena pansi pa mulu wa nkhuni. M'nyumba salowa, ndipo palibe mmodzi yemwe ali ndi dzina. Pali wakuda, wamawanga, mwana wa wamawanga, ndi wodula khutu. Chakudya chawo chinali mkute wa nsima wofikisa ndi mitu ya usipa kapena ya matemba a ku Chilwa, zotsalazo ankadzipezera okha.

Zinthu ziwiri zinasokoneza dongosololi. Ana atachoka pakhomo, mphika unachepa, mkute nawo unasowa, ndipo usipa unafika pamtengo woti munthu amadya ndi mitu yomwe. Chachiwiri chinali choopsa kuposa. Amphaka kale anali asanu, koma wachisanu anapezeka m'mawa wina ali gone pafupi ndi mpanda, thovu kukamwa. M'makomo oyandikana nawo anthu amatchera makoswe ndi mankhwala aja otchedwa tameki, ndipo mphaka wanjala amene amayenda makomo asanu usiku umodzi tsiku lina adzakumana ndi nyambo kapena khoswe wodya kale mankhwalawo. Mayiyo anaona kuti njira yokha yochepetsera maulendo a otsalawo inali kuwazoloweza mbale ya pakhomo pa nthawi yodziwika. Chakudya chophika chinkasasa msanga ndiponso chinkafuna kuti iye akhalepo tsiku lililonse, pamene miyezi ina amakakhala kwa mwana wake ku Lilongwe. Chakudya chouma cha m'matumba, timibulu tija, mnyamata wosesa pabwalo akanatha kuyeza ndi kapu.

Tsono apa ndi pamene penshoni inakumana ndi shelefu ya m'sitolo. Chakudya cha amphaka chimene chimapezeka m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre chambiri chimachokera ku South Africa, kotero mtengo wake umayenda ndi mphamvu ya kwacha; ndalamayi itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chodutsa pachipata cha Mwanza chinamva kuwawa. Mayiyo anaima nthawi yaitali patsogolo pa matumbawo, magalasi ali pamphuno. Mtsikana wogulitsa, pofuna kumuthandiza, anamulozera thumba lalikulu la chakudya cha agalu. "Amayi, tengani ili, kilo yake ndi yotsika. Galu ndi mphaka onse ndi odya nyama, sadziwa kusiyanitsa."

Mtsikanayo ananena ndi mtima wabwino, koma pamenepa ndi pomwe pagona msampha waukulu wa wofuna kupulumutsa ndalama. Galu anayenda ndi munthu mpaka thupi lake linazolowera zakudya zosiyanasiyana, n'chifukwa chake agalu a m'midzi amakhala ndi moyo pa nsima ndi madeya. Mphaka thupi lake linakana kusintha. Sapanga mokwanira chinthu china chotchedwa taurine, chimene chimapezeka m'mnofu, makamaka mumtima ndi m'nsomba, ndipo akachisowa kwa miyezi yambiri maso amayamba kufa, mtima nawo umatambasuka n'kufooka. Kugwirizana kwa taurine ndi matenda a mtimawa kunadziwika mu 1987, pamene Paul Pion ndi anzake a pa University of California ku Davis anafalitsa zimene anapeza, ndipo kuyambira pamenepo opanga chakudya cha amphaka anayamba kuwonjezeramo taurine wochuluka. Chakudya cha agalu sichikakamizidwa kukhala ndi mlingo woterowo. Mphaka sathanso kutulutsa vitamini A kuchokera m'masamba ndi kaloti monga amachitira munthu. Amafuna wopangika kale, wa m'chiwindi cha nyama. Thumba la agalu likanawakhutitsa amphaka anayiwo, ndipo kuwonongeka kwake kukanaoneka chaka chitapita, mayiyo ataiwala kale za thumbalo.

Ntchito yowerenga zolembedwa kuseri kwa matumba a amphaka inagwera mdzukulu wake wa ku sekondale, amene maso ake amaona tizilembo ting'onoting'ono. Chinenero cha pamatumbawa chili ndi galamala yakeyake. Zinthu zimene zili m'kati zimalembedwa motsata kulemera, cholemera kwambiri poyamba, kotero kuti mawu oyamba pamndandanda ndi amene amanena zoona kuposa chithunzi cha nkhuku yonona chili kutsogolo. Kamawu kachingerezi kakuti with kamanyamula katundu wochepa modabwitsa: m'malamulo a ku America, thumba lolembedwa with chicken likhoza kukhala ndi nkhuku 3 peresenti yokha, ku Ulaya 4 peresenti, ndipo mawu akuti flavour amalonjeza fungo basi. Mawu akuti complete amatanthauza kuti chakudyacho chikukwanira pachokha, pamene complementary ndi chongowonjezera. Ku South Africa chakudya cha ziweto chimalembetsedwa pansi pa lamulo la nambala 36 la 1947, ndipo thumba lovomerezeka limakhala ndi nambala yoyamba ndi chilembo cha V. Mayiyo, amene anatha zaka makumi atatu akuphunzitsa ana kuti awerenge funso lonse asanayankhe, anasangalala ndi phunziroli kuposa mdzukuluyo.

"Agogo, ili poyamba palembedwa chimanga. Ilinso chimanga. Ili akuti cereals, koma ndi chimanga chomwecho."

Mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Nyama imene inabwera pakhomo kudzalondera chimanga kwa makoswe inali pafupi kudyetsedwa chimanga chomwecho, chogayidwa ku South Africa, chopakidwa mafuta a nkhuku, choyenda makilomita oposa 1,500 pagalimoto, pamene matumba ake a chimanga ali phee kuseri kwa nyumba. Kunena zoona, chimanga m'chakudya chouma si chinyengo pachokha. Timibulu sitingaumbike popanda ufa wotigwira, ndipo mphaka amatha kugaya ufa wophikidwa bwino. Funso ndi lakuti pambali pa chimangacho pali nyama yochuluka bwanji. Bungwe la AAFCO la ku America limaika mlingo wochepetsetsa wa mapuloteni pa 26 peresenti kwa mphaka wamkulu ndi 30 peresenti kwa ana ndi amayi oyamwitsa, powerengera chakudya chochotsa madzi. Matumba ena otsika mtengo amangokhudza malirewo, ndipo gawo lina la mapuloteni awo ndi lochokera ku chimanga ndi soya. Mawu ena amene amaopsa ogula a ku Ulaya, monga animal by-products, mayiyo sanawaope. Ndi zam'kati, makosi, mitu ndi zipalapasiro, zimene ku Zomba zimagulitsidwa pachiwaya ndipo anthu amaima pamzere. Mphaka akagwira khoswe sasankha chidale. Za timibulu tofiira ndi tobiriwira, utoto umenewo anapakira wogula.

Masamu enieni anali a tsiku. Mphaka wa makilogalamu anayi amadya magalamu pakati pa 50 ndi 70 a chakudya chouma patsiku, kutengera mphamvu ya chakudyacho. Chopanda mafuta ndi nyama yokwanira chimafuna kapu yodzaza kwambiri, moti kutsika mtengo kwake kumathera m'mbale. Amphaka anayi, pa magalamu 60 aliyense, amatha thumba la makilogalamu awiri m'masiku asanu ndi atatu. Mayiyo atawerengera zimenezi anakhala chete. Matumba anayi pamwezi penshoni yake sikanawanyamula, ngakhale a mtundu wotsikitsitsa.

Thumba lalikulu kwambiri, limene kilo yake imatsika, nalo lili ndi vuto lake ku Zomba, kumene chinyezi cha dzinja chimalowa mpaka m'mabuku. Thumba likatsegulidwa, mafuta a patimibulu amayamba kusasa, anankafumbwe amalipeza, ndipo chuku chimamera mosaoneka. Chuku cha m'chimanga ndi mtedza ndi chimene chimabala poizoni wa aflatoxin, yemwe mu 2011 anapha agalu oposa 200 m'chigawo cha Gauteng kudzera m'chakudya chotsika mtengo chopangidwa ndi mbewu zoipitsidwa. Chifukwa cha zoterezi mayiyo sanayang'ane n'komwe timibulu togulitsidwa mopima m'timapepala topanda dzina ndi tsiku.

Anasankha thumba lapakatikati, lolembedwa complete, lokhala ndi nambala ya V, taurine pamndandanda, ufa wa nyama ya nkhuku pamalo achiwiri, ndi mapuloteni ofika 30 peresenti. Amalikhuthulira m'ndowa ya chivundikiro. Amphaka amalandira theka la mlingo wa tsiku, kamodzi, dzuwa likamalowa, ndipo mbale zimachotsedwa akatha kudya. Kusiya chakudya pabwalo usiku kukanakhala kuitana agalu a eni, nyerere ndi makoswe omwewo. Masana kukanakhala kuitana akhwangwala ndi apusi otsika kuphiri. Pamenepa chinenero chimachita nthabwala yake, pakuti mwana akamaitana mphaka kuti pusi, pusi, ku Zomba amene amayamba kutembenuka ndi wamchira wautali ali mumtengo wa mango. Theka linalo limachokera ku mitu ya nsomba ikapezeka, zam'kati za nkhuku zowiritsa popanda anyezi, amene amawononga magazi a mphaka, ndi ku ulenje wawo. Beseni la madzi limakhala pamthunzi nthawi zonse, chifukwa timibulu tili ndi madzi pafupifupi 10 peresenti yokha pamene khoswe ali ndi pafupifupi 70, ndipo mphaka, mbadwa ya kumalo ouma, samva ludzu msanga; amphaka aamuna osamwa mokwanira njira ya mkodzo imawavuta.

Oyandikana naye sanasowe chonena. Mayi wa kuseri kwa mpanda anamuuza mosabisa kuti: "Anzanga, mukawakhutitsa aleka kugwira makoswe. Komanso anthu akugona ndi njala, inu mukugulira amphaka zam'sitolo?" Mbali yachiwiri ya mawuwa inamulasa, ndipo sanayankhe, popeza ndi yoona: m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamakhala makomo m'dera lomwelo amene moto suyaka madzulo. Iye amangodziwa kuti thumba limodzi la chimanga loboola makoswe limaposa zimene amawononga pa amphaka, ndi kuti m'miyezi imeneyo chimanga chopulumukacho chimatuluka m'mbale kupita kumakomo ena. Mbali yoyamba ili ndi yankho losakhutiritsa aliyense. Mphaka amasaka ngakhale atakhuta, chifukwa kwa iye kusaka ndi njala zimayenda padera. Komabe ofufuza a pa University of Exeter anapeza mu 2021 kuti amphaka odyetsedwa chakudya cha nyama yambiri, chopanda mbewu, anachepetsa ndi 36 peresenti nyama zimene ankabwera nazo kunyumba. Ofufuzawo ankafuna kupulumutsa mbalame za ku England. Kwa wosunga chimanga, zimenezi zikutanthauza kuti chakudya chodula kwambiri chija, chimene mayiyo sakanakwanitsa, mwina sichinali choyenera alonda ake.

Chotsala chimene thumba lililonse silingathetse ndi wamawanga. Bere la mphaka limatenga masiku pafupifupi 65, ndipo wamkazi wodya bwino akhoza kuswa kawiri kapena katatu pachaka, ndipo bere loyamba akhoza kulitenga asanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi. Mbale ya madzulo yamusalalitsa, ndipo mwana wake, amenenso ndi wamkazi, wayamba kulira usiku. Mayiyo wapatula ndalama ya matumba awiri m'kachitini ka tiyi, ndipo wapempha mdzukulu wake kuti akafunse kwa adokotala a ziweto ku Blantyre mtengo wotseka amphaka awiri aakazi kuti asaberekenso, pamodzi ndi katemera wa chiwewe, komanso ngati minibasi ingalole dengu lomanga pakamwa ndi chitenje.