Mzere Umodzi Umene Umazula Gulu Lonse

Ntchito yanga ndi kusamalira makompyuta ndi maakaunti a pa intaneti a timabungwe timene timagwira ntchito ndi alimi kuno kwa Kabudula, ku Nsaru, mpaka cha ku Namitete. Amisirife anthu amatidziwa ngati otsegula zinthu: imelo yatsopano, pasiwedi yoiwalika, gulu la pulojekiti imene ikungoyamba. Koma pamene mmisiri amatuluka thukuta kwenikweni ndi potseka.

Chaka cha 2025 chinaonetsa zimenezi poyera. Boma la America litaimitsa thandizo lopita kumayiko ena mu Januwale, kenaka bungwe la USAID n'kutsekedwa, mapulojekiti ambiri m'Malawi muno anatha mwadzidzidzi. Alangizi anabweza malaputopu ndi makiyi a njinga zamoto, n'kubwerera kwawo. Magulu awo a pa Microsoft 365 anatsala osatsekedwa, muli mayina a alimi, manambala a foni, zithunzi za ziphaso za unzika, ndi mndandanda wa amene analandira mbewu ya soya kapena ya mtedza.

Gulu lotere siliyenda lokha. Likangotsegulidwa, Microsoft imalipatsa bokosi la imelo, kalendala, malo osungira mafayilo pa SharePoint ndi buku la OneNote. Ntchito zogawana pa Planner ndi macheza a pa Teams nazonso zimamangiriridwa pomwepo. Zonsezi sizikhala mu laputopu ya mu ofesi ayi. Zimakhala m'makompyuta akuluakulu a kampaniyo, onga amene inatsegula ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019. Kufufuta gululo kuli ngati kuzula mtedza: ukakoka tsinde, zonse za m'nthaka zimatuluka pamodzi.

Mmisiri wa kumudzi amakonda kugwira ntchitoyi pa PowerShell, zenera lopanda zithunzi limene umangolembamo mawu olamula kompyuta. Chifukwa chake n'chosavuta. Tsamba la oyang'anira maakaunti ndi lolemera, ndipo netiweki ya Airtel kapena TNM ikafooka limangozungulira osatseguka, bandulo ikutha. Mawu okha sadya zambiri. Mmisiriyo amayamba ndi Connect-ExchangeOnline kuti alowe, kenaka Get-UnifiedGroup imamuonetsa magulu onse a bungwelo, ndipo Get-UnifiedGroupLinks imamuuza eni gulu ndi mamembala ake. Chofufutira chenichenicho ndi Remove-UnifiedGroup, kutsatiridwa ndi adiresi ya gululo. Mzere umodzi basi.

Pamenepo ndiye pofunika maso. Magulu awiri akhoza kukhala ndi mayina ofanana kwambiri, lina la alimi a chaka chatha, lina la amene adakali m'munda, choncho mmisiri wosamala amagwiritsa ntchito adiresi ya imelo ya gululo, osati dzina loonekera pamwamba. Asanafufute amawonjezera -WhatIf kumapeto, ndipo kompyuta imangomuuza chimene ikanachita, osakhudza kanthu. Palinso mawu amene amaletsa kompyuta kufunsa ngati watsimikiza. Amafulumizitsa ntchito magulu akachuluka, koma akaikidwa pa mzere wotola magulu onse, bungwe lonse likhoza kusesedwa munthu asanamalize kumwa tiyi. Ine sindiwagwiritsa ntchito mndandanda wa magulu ofufutidwa usanasainidwe ndi mkulu wa bungwe.

Komabe ntchito yaikulu imachitika kompyuta ili chitsekere. Mafayilo amenewo ali ndi eni ake, ndipo ambiri mwa iwo sanayambe aonapo SharePoint. Mmisiri amaimbira mlangizi amene anali kumundako, ngakhale ntchito inamuthera, n'kumufunsa zimene zili m'gulumo zimene sizipezeka kwina. Amakwera kabaza kukaonana ndi wapampando wa kalabu ya alimi. "Mayi, kodi buku la ngongole muli nalo lonse, kapena masamba ena anatsala kwa alangizi?" Funso limenelo lapulumutsa zambiri, chifukwa magulu a banki m'khonde amatsala akuyenda pulojekiti itapita, ndipo mkangano wa amene anabweza ndi amene sanabweze umathera kwa amfumu. Zoyenera kubwerera kwa alimi zimasindikizidwa pa pepala n'kuperekedwa m'manja. Malisiti ndi malipoti amene opereka thandizo angadzafune amakoperedwa kumalo ena otetezeka.

Gulu likafufutidwa silisowa tsiku lomwelo. Microsoft imalisunga masiku 30, ndipo m'nthawi imeneyo Restore-MgDirectoryDeletedItem imalibweza pamodzi ndi zake zonse. Malo a mafayilo a SharePoint amakhalitsako, masiku 93, koma imelo ndi zina zimapita masiku 30 aja akakwana. Amene anaphunzira ntchitoyi kale ayeneranso kusintha zala, poti malamulo akale a AzureAD anasiyidwa mu 2024 ndipo m'malo mwake munalowa a Microsoft Graph.

Mabwana ena amati bwanji osangolisiya gululo, mwina lidzafunika. Ine ndimakana mwaulemu. Gulu lopanda mwini ndi limene munthu amene anachoka ntchito kalekale amalowamo ndi foni yake popanda woona, ndipo nambala ya foni ya mlimi ikakhala pamodzi ndi chithunzi cha chiphaso chake, akuba a pa Airtel Money ndi Mpamba apeza poyambira. Kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, limene MACRA imayang'anira, ndipo bungwe limene linatola mayinawo ndi limene lili ndi udindo wowasamala. Mayi wa ku Nambuma anapereka dzina lake kuti alandire mbewu, osati kuti likhale pa intaneti zaka ndi zaka.

Masiku 30 akadutsa, mmisiri amalowanso n'kulemba Get-MgDirectoryDeletedItemAsGroup kuti aone ngati gululo lachokadi pa mndandanda wa zofufutidwa. Akatsimikiza, amalemba tsiku ndi dzina la gulu mu lipoti, n'kuonjezerapo kumene makope anasungidwa ndi kalabu imene inalandira mapepala ake.